Chotola ndi Chogula

M'gemu ya Diablo II, imene inatuluka m'chaka cha 2000, mphete ikagwa pansi sikuuza dzina lake lonse. Wapha chiwanda, thupi lake lagwa, ndipo pakati pa timabotolo ta mankhwala ndi golide womwazikana pamveka kaphokoso kakang'ono kakuti nge. Ukadina batani loonetsa mayina a zinthu zimene zili pansi, umangowerenga liwu limodzi lakuti mphete. Chimene chimaimitsa mtima ndi mtundu wa zilembo zake. Zikakhala zabuluu, ambiri sawerama n'komwe. Zikakhala zachikasu, umatola kuti ukaone bwino pambuyo. Koma zikakhala za mtundu wa golide, ndiye kuti ndi imodzi mwa mphete zochepa zokhala ndi mayina awoawo, ndipo kuti udziwe kuti ndi iti uyenera kuiwerengera kampukutu kozindikiritsa zinthu, kapena kupita nayo kumudzi kwa nkhalamba yotchedwa Deckard Cain. Nthawi zambiri imapezeka kuti ndi Nagelring kapena Manald Heal, timphete tosapita nato patali. Mwa apo ndi apo imakhala Stone of Jordan.

Kamphindi ka pakati pa kutola ndi kudziwa ndiko kamasunga munthu wamkulu ndi ndevu zake pampando mpaka tambala woyamba kulira. Magemu a mtundu uwu, amene Diablo woyamba anawalambulira njira kumayambiriro kwa 1997, ali ndi nthano yake ndithu, ya angelo ndi ziwanda ndi mudzi wa Tristram umene unasanduka bwinja, koma nthanoyo umaimaliza pa masiku ochepa. Miyezi ndi zaka zotsatirazo umakhala ukusaka katundu. Chilombo chilichonse chili ndi mndandanda wa zinthu zimene chingagwetse, ndipo chikafa kompyuta imachita maere: chigwetse kanthu kapena ayi, kanthu kanji, ka mphamvu zotani. Zilombo zikuluzikulu zimagwetsa zambiri, n'chifukwa chake osewera anazolowera ulendo umodzimodzi: kulowa m'gemu, kuthamangira kuchipinda chapansi kumene kumakhala Mephisto kumapeto kwa gawo lachitatu, kumupha, kuyang'ana pansi, kutuluka, kuyambanso. Ulendo wonse mphindi ziwiri kapena zitatu. Ena amavala dala zovala zofooka pankhondo, bola zikhale zowonjezera mwayi wotola zabwino.

Tisabise, zimenezi zili pafupi ndi juga. David Brevik, mmodzi wa amene anapanga Diablo ku Blizzard North ku California, wakhala akunena yekha kuti kagwedwe ka katundu m'gemuyi kamafanana ndi makina a m'makasino, aja oponyamo ndalama n'kukoka chogwirira. Naye B. F. Skinner, katswiri wa ku America wofufuza za khalidwe, anaonetsa m'zaka za m'ma 1950 kuti nkhunda yopatsidwa chakudya mosadziwika nthawi imajompha batani mosatopa kuposa yopatsidwa nthawi iliyonse ikajompha. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno ukaphonya sutaya ndalama, umataya tulo. Koma ndikafuna kufotokozera munthu amene sanagwirepo gemu, sindiyambira ku juga. Ndimamukumbutsa za tsiku lotsegula belo pa kaunjika. Anthu aunjirira, wogulitsa wadula zingwe, zovala zakhuthuka, aliyense wapisa manja osadziwa chimene atulutse. Zambiri ndi nsanza. Koma amene wavuula jekete yachikopa pamulu umenewo amaivala mosiyana ndi amene anaigula m'sitolo ya magalasi. Ukamuyamikira sangoti zikomo. Amakuimika kuti akufotokozere mmene anaonera kamkono kokha kakusuzumira pansi pa mulu, mayi wina atatsala pang'ono kukagwira.

M'nkhani ya jeketeyo muli anthu ena awiri, mayi amene anaiphonya ndi iwe amene ukumvetsera, ndipo popanda iwo nkhaniyo singakome. Chotola chimafuna mboni. Ine Diablo II ndinayamba kusewera ndekha, pa kompyuta yakale yopanda intaneti. Tsiku lina kunagwa uta wa dzina, woopsa, umene osewera msilikali wa Amazon amaulota, pamene msilikali wanga anali Necromancer, munthu wodzutsa mafupa amene ndi uta alibe nawo ntchito. Ndinauika m'bokosi, unadya malo a zinthu zina. Womupatsa panalibe, womuonetsa panalibe. Ndinkatsegula bokosilo n'kumauyang'ana, kenako n'kutseka.

Amene ankasewera pa Battle.net, maseva a Blizzard, analibe vuto limenelo. M'gemu imodzi munkalowa anthu mpaka 8, katundu akagwa aliyense ankamuona, wofulumira chala ndiye ankatola, ndipo chimene sukuchifuna unkasinthanitsa ndi chimene ukufuna. Golide analimo, koma anali mbwee, thumba linali ndi malire a golide amene munthu anganyamule, ndipo ogulitsa a m'gemu sankagulitsa zida zapamwamba zenizeni. Palibe amene akanakupatsa lupanga labwino posinthana ndi golide. Choncho osewera anadzipezera okha ndalama, popanda msonkhano, popanda lamulo, ndipo inali mphete ija ya Stone of Jordan. Inkawonjezera mphamvu pa luso lililonse la msilikali wako, kotero aliyense ankaifuna. Inkadya kabokosi kamodzi kokha mwa timabokosi 40 ta m'thumba. Ndipo iliyonse inali chimodzimodzi ndi inzake, panalibe zoti yanga ndi yabwino kuposa yako. Mitengo inayamba kutchulidwa m'mphete: chisoti ichi mphete zakuti, uta uwo mphete zakuti.

Posakhalitsa akamberembere anapeza njira zosokoneza seva kuti chinthu chimodzi chisanduke ziwiri, ndipo mphete imene munthu woona mtima akanatha chaka osaiona inayamba kuyenda m'matumba odzaza. Choseketsa n'chakuti chinyengocho ndicho chinathandiza mpheteyo kukhala ndalama, chifukwa zotoladi zokha sizikanakwanira msika wonse. Mu 2003 Blizzard inabweretsa kusintha kwakukulu kotchedwa 1.10, ndipo mwa zina inaikamo mdani wina wa dzina la Diablo, woopsa kuposa wa m'nthano ya gemuyo, amene amatulukira pokhapokha osewera akagulitsa mphete za Stone of Jordan zambiri kwa ogulitsa a m'gemu. Womupha amalandira kachithumwa ka Annihilus. Ambiri anaona kuti cholinga chinali kuchepetsa mphete zochuluka zija. Ufumu unapita kwa timiyala tolembedwa zizindikiro totchedwa rune, timene tilipo 33, ndipo tosowa kwambiri monga Ber ndi Jah tinakhala ndalama zikuluzikulu. Ukaika Jah, Ith ndi Ber motsatana m'chovala cha mabowo atatu umapanga Enigma, chovala cholola msilikali aliyense kuzimiririka apa n'kutulukira apo. Nato timiyalato tinayamba kuchulukitsidwa. Munthu ankatha kugula kamwala madzulo, tsiku lina n'kupeza pamalo pake palibe, seva itazindikira kuti n'kabodza n'kukafufuta.

Malondawo anali otopetsa, ndipo tichedwepo pang'ono pamenepa chifukwa kutopetsako kudzatithandiza kumvetsa zimene zinachitika pambuyo. Unkatsegula gemu n'kuipatsa dzina lonena chimene uli nacho ndi chimene ukufuna, m'zilembo zochepa zimene zinkaloledwa. Kenako kudikira. Wina walowa, waima pafupi nawe m'mudzi, mwatsegula zenera la malonda, katundu wake pamwamba, wako pansi. Kunenerera kwayamba, zala zikuthamanga pa kiyibodi. Iye akuti wonjezera, iwe ukuti ndilibe, iye akunamizira kuchoka, iwe ukuponyapo kamwala kena ka banyira. Nonse mukadina kuvomera, zatheka. Akathyali analiponso. Kachinyengo kodziwika kanali ka chisoti chobiriwira cha Harlequin Crest, chimene aliyense ankangochitchula kuti Shako. Wogulitsa ankakuonetsa chenicheni, n'kutseka zenera ngati chala chaterereka, potsegulanso n'kuikapo chisoti wamba chimene wachilowetsa mwala wobiriwira kuti chifanane. Wopupuluma ankalira. Ngakhale kusamutsa katundu pakati pa asilikali ako awiri kunali kuika chuma pachiswe, chifukwa bokosi logawana kunalibe. Unkataya zinthu pansi pakona pobisika, kutuluka, kulowanso ndi msilikali wina, uku ukupemphera kuti gemu isatsekeke. Wanzeru ankapempha mnzake kuti amugwirire kaye. Anthu anadziwana mitima pa zimenezi. Amene wamusungitsa thukuta la miyezi yambiri n'kukubwezera lonse, osachotsapo ngakhale kamwala kamodzi, sumuiwala, ngakhale nkhope yake sunaionepo.

Pansi pa zonsezi pali funso limene silioneka msanga: kodi buku la chuma cha msilikali wako akusunga ndani? Mu Diablo woyamba zonse zinkasungidwa pa kompyuta ya wosewera mwini, ndipo aliyense wodziwa kutokosa mafayilo ankadzilembera zida zimene ankafuna. Chovala chotchedwa Godly Plate of the Whale, chimene gemu payokha sinkagwetsa, chinali ponseponse. Diablo II inasiyanitsa: wofuna msika wodalirika asunge msilikali wake pa seva ya kampani. Msika umafuna wosunga buku amene onse akumukhulupirira, ndipo wosunga bukuyo amafuna kuti uzikhala wolumikizidwa kwa iye nthawi zonse. N'chifukwa chake nkhani ya malonda singasiyane ndi nkhani ya makina amene ukuseweretsa, ngakhalenso ya dziko limene ukukhala.

Diablo III inatuluka pa 15 Meyi 2012, pa kompyuta pokha, ndipo tsiku loyamba lokha inagulidwa makope oposa 3.5 miliyoni. Inabwera ndi zinthu ziwiri zomangana. Choyamba, sukanatha kusewera popanda intaneti ngakhale uli wekha, ndipo usiku woyamba maseva atadzaza anthu ochuluka anangoona uthenga wa Error 37 m'malo mwa ziwanda. Chachiwiri, m'gemu momwemo munali misika iwiri ya okushoni, wina wa golide wa m'gemu, wina wa ndalama zenizeni umene unatsegulidwa mu Juni. Maganizo a Blizzard sanali opusa. Pa nthawi ya Diablo II anthu ankagula kale zida ndi madola kwa ogulitsa amseri, ambiri n'kuberedwa. Bwanji osaika msikawo poyera, kampani n'kumaulondera, n'kumadulapo kake? Ku America, pa chida chilichonse chogulitsidwa ndi ndalama zenizeni kampani inkatenga dola imodzi, wofuna kutulutsira ndalamazo ku PayPal ankadulidwanso 15 peresenti, ndipo mtengo sunkaloledwa kupitirira madola 250. Ku South Korea gemuyi inaloledwa msika wa ndalama zenizeni utachotsedwamo kaye.

Msikawo unayenda bwino kwambiri, ndipo vuto lake linali lomwelo. Kunalibenso kudikira, kunenerera kapena kuopa chisoti chabodza. Unkalemba mphamvu zimene ukufuna ndi mtengo umene ungakwanitse, n'kudina. Pa masekondi ochepa zinkandandalika pamaso pako zida zimene anthu a ku America konse kapena ku Ulaya konse anatola. Tsono taganizani: zimene iwe watola usiku umodzi ukaziika pambali pa zabwino koposa zimene anthu mamiliyoni atola mwezi wonse, zako zingaoneke? Lupanga lililonse limene linkagwa pamapazi pako linali lofooka poyerekeza ndi limene ukanagula ndi golide wa ola limodzi. Kagwedwe kake nako kanali kosalabadira kuti ndiwe ndani. Msilikali wa Barbarian ankatola phodo la mivi. Wizard ankatola ndodo yake yamatsenga koma yowonjezera nyonga za m'mikono, zimene iye alibe nazo ntchito. Zida za mayina, zimene zinayenera kukhala zosiririka, nthawi zambiri zinkaposedwa ndi zachikasu wamba. Gawo lovuta kwambiri, la Inferno, linkapha aliyense wosavala bwino, ndipo njira yachidule yovalira bwino inali ya kumsika. Anthu anasiya kusaka zida n'kuyamba kusaka golide. Ena anasiyiratu kupha ziwanda n'kumaswera pa okushoni, kugula motsika, kugulitsa mokwera. M'gemumo munali anthu olemera amene gemuyo sankaisewera.

Mu Malichi 2013, pa msonkhano wa opanga magemu ku San Francisco, Jay Wilson amene anatsogolera ntchito yopanga Diablo III anavomera poyera kuti misika iwiriyo inavulaza gemu, ndipo anati wa golide ndiwo unawononga kwambiri chifukwa ndiwo unkalowedwa ndi anthu ambiri. Mfundo imeneyi imaiwalika. Anthu amakonda kunena kuti dyera la madola ndilo linapha chisangalalo, pamene chinachipha kwenikweni ndi kuphweka kwa malonda.

Zonsezi zikuchitika, kagulu kena ku Blizzard, kotsogozedwa ndi Josh Mosqueira, kankakonza gemu yomweyo kuti ilowe pa PlayStation 3 ndi Xbox 360. Osewera ambiri a pa kompyuta ankaiderera ntchitoyo. Diablo ndi gemu ya mausi, ankatero, ndipo ya pa PlayStation yoyamba ya mu 1998 ndi ochepa amene ankaikumbukira. Koma kaguluko kanakakamizika kuganiza mwina. Munthu wokhala pa sofa, patali ndi TV, padi ili m'manja, sangawerenge mayina a zinthu zambirimbiri zomwazikana pansi, sangalembe mawu onenerera, ndipo si aliyense amene console yake inali yolumikizidwa ku intaneti. Choncho gemu imene inatuluka pa 3 Sepitembala 2013 inalibe okushoni, inkaseweredwa popanda intaneti, ndipo inkagwetsa zinthu zochepa koma zabwinopo, zambiri zogwirizana ndi msilikali wako. Ukatola chida, timivi tobiriwira kapena tofiira tinkakuuza pomwepo ngati chikuposa chimene wavala. Anawonjezeramo kugubuduka kozemba nkhonya ndi kandodo ka kumanja kwa padi, kumene pa kompyuta kunalibe. Ndipo anthu anayi ankatha kusewera pa TV imodzi. Patangopita milungu iwiri Blizzard inalengeza kuti itseka misika yonse iwiri pa kompyuta, ponena kuti ikugwetsa mzati wa gemu, umene ndi kupha zilombo kuti utole zida zabwino. Inaitsekadi pa 18 Malichi 2014. Sindikunena kuti console ndiyo inatseka msikawo, maganizowo anali atayamba kale kupsa. Koma kwa miyezi ingapo, amene ankatengedwa ngati osewera a kumapeto kwa mzere ndiwo anali ndi Diablo III yokoma.

Ine gemuyi ndinaikondera pa sofa, ndi mphwanga. Chida cha dzina chikagwa mu Diablo III pamalira chitsulo, ndipo pamalopo pamaima kuwala kwa mtundu wa lalanje koloza kumwamba. Tsiku lina kuwalako kunaima pakati pathu, tonse tikuona kuti ndi nkhwangwa.

"Achimwene, imani kaye! Musaponde pamenepo!"

Ndinali nditaponda kale.

"Nkhwangwayo ndi ya Barbarian. Inu a Wizard mukaitenga mukawaza nayo nkhuni kuti?"

"Iwe, watola zingati lero? Ndione kaye."

Pa TV imodzi thumba amatsegula munthu mmodzi, enawo nkhondo imaima, amangoyang'ana. Ndinawerenga mphamvu za nkhwangwayo pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, mwadala.

"Kodi ndi nyuzi mukuwerengayo, achimwene?"

Ndinaiponya pansi, iye n'kuitola. Nkhondo yotsatira ndinangoima pambali kuonerera akuzungulira nayo pakati pa ziwanda, zikugwa uku ndi uku, iye akukuwa mpaka a m'chipinda china kufunsa kuti kwagwanji. Mtengo sitinatchule. Koma mphete yabwino itagwa madzulo ena, anaitola n'kuiponya pamapazi pa Wizard wanga osalankhula kanthu. Zimene msika wa Diablo II unkapatsa munthu, zoti pali wina amene akuchifuna chimene watola, sofa inkapereka popanda zenera la malonda. Ndipo woonererayo anali munthu woti mawa mudzadya naye nsima n'kukumbutsana.

Console inali ndi chilema chake, ndipo chinali chija cha Diablo woyamba. Popeza buku la chuma linali m'nyumba mwa wosewera, odziwa kutokosa anayamba kupanga zida zosatheka, malupanga opha chilombo chilichonse ndi nkhonya imodzi. Diablo III ya Ultimate Evil Edition, imene inafika pa PlayStation 4 ndi Xbox One mu Ogasiti 2014, inalola kutumizirana mphatso, ndipo zida zabodzazo zinayenda mofulumira. Mlendo ankalowa m'gemu yako, kuponya lupanga lotere pansi ngati wakuchitira chifundo, n'kuchoka. Ukalitola n'kulivala, gemu yathera pomwepo, chifukwa palibenso chimene chingagwe choliposa. Anzeru ankangosewera ndi anthu owadziwa.

Komabe kwa ife amene magetsi amathima osatsanzika, ndipo bandulo imatha nkhondo ili pakati, kusewera popanda intaneti si nkhani yaing'ono. Maseva a Diablo III ali m'madera atatu, America, Ulaya ndi Asia. Wosewera pa kompyuta ali ku Lilongwe kapena ku Chipata, batani lililonse limene wadina limakafika kaye kutali n'kubwerera, ndipo netiweki ikatsokomola msilikali amaima njo pakati pa adani. Pa kaseweredwe ka Hardcore, kamene msilikali akafa wafa basi pamodzi ndi zonse zimene wavala, masekondi atatu amenewo amakwanira kufufuta ntchito ya miyezi. Amene amati kulumikizidwa nthawi zonse ndi mtengo wochepa wolipira kuti msika ukhale woyera amalankhula ali kumene intaneti siduka.

Pa kompyuta, chowonjezera cha Diablo III chotchedwa Reaper of Souls chinatuluka pa 25 Malichi 2014 ndi kagwedwe katsopano kotengera zambiri za pa console. Zida zinayamba kugwa zogwirizana ndi msilikali, za mayina zinakhala zamphamvudi, ndipo malonda anadulidwa mutu: chida cha dzina ungapatse okhawo amene anali nawe pamene chinkagwa, ndipo pasanathe maola awiri. Gemu inachira, anthu anabwerera. Koma nanenso ndinaona chimene chinatayika. Chilichonse chimene watola chilibe mtengo kwa munthu wina aliyense padziko, ndipo popeza palibe kogula, gemu imayenera kukugwetsera zambiri kuti usakhumudwe. Pakatha milungu ingapo kuwala kwa lalanje kumaima kasanu pa nkhondo imodzi, iwe n'kumangotola osawerenga, kukaphwanya kwa wosula kuti upeze zipangizo.

Ku Auckland, m'dziko la New Zealand, anyamata okonda Diablo II motsogozedwa ndi Chris Wilson anatenga njira ina. Kampani yawo ya Grinding Gear Games inatulutsa Path of Exile mu Okutobala 2013, gemu yaulere, ndipo kwa zaka zoposa 10 munalibe golide n'komwe. Ndalama zake ndi timipira tamatsenga tokonzera zida. Chaos Orb imasintha mwamaere mphamvu zonse za chida chachikasu, Divine Orb imasintha manambala ake, ndipo Mirror of Kalandra, imene osewera ambiri sadzaiona ikugwa, imapanga chida chachiwiri chofanana ndi choyamba. Kampira ukakagwiritsa ntchito katha, choncho ndalama zimachoka mumsika zokha, ndipo pakapita miyezi itatu kapena inayi nyengo yatsopano imayamba, aliyense chimanjamanja. Malonda anawalola, koma anakana dala kuwafewetsa, ndipo mu 2017 anafotokoza poyera kuti malonda ophweka amachepetsa nthawi zimene munthu amasangalala ndi chotola. Pa kompyuta unkafufuza chida pa intaneti, kutumiza uthenga kwa mwini wake, kudikira kuti asiye zimene akuchita, akuitanire kumalo kwake, mupatsane pamanja. Ena osayankha. Ena kulemba dala mitengo yotsika popanda cholinga chogulitsa, kuti mlendo wosadziwa atsitse wake iwo amugule motchipa. Ndipo popeza kagwedwe kamawerengera kuti anthu azigulana, pansi pamadzaza zinyalala moti popanda sefa yobisa mayina a zinthu zopanda pake sungaone pamene ukuponda. Pa console, kumene gemuyi inafika mu 2017 pa Xbox One ndi mu 2019 pa PlayStation 4, msika unali wapadera ndi waung'ono: unkasiya mtengo wako pa chinthu, mwini wake n'kudzavomera kapena kukana nthawi yake. Osewera anadandaula zaka zonsezo, ndipo mu 2024 kampaniyo inagonjako pang'ono n'kuika malo osinthira timipirato popanda kukumana.

Enawo akungoyesayesa. Diablo IV ya mu Juni 2023 inaphatikiza a pa kompyuta ndi a pa console m'dziko limodzi, inalola malonda a zinthu zina zokha, ndipo pofika Ogasiti chaka chomwecho inali itawaimitsa kaye chifukwa cha ochulukitsa katundu mwachinyengo. Last Epoch ya mu 2024 inauza wosewera kuti asankhe yekha: alowe gulu la amalonda, Merchant's Guild, kapena gulu la Circle of Fortune limene silichita malonda koma limagwetseredwa zabwino zochulukirapo. Nzeru imeneyi ndimailemekeza, chifukwa ikuvomereza kuti ofuna kugula ndi ofuna kutola sangakhutitsidwe ndi kagwedwe kamodzi.

Wogula sindimunyoza. Mayi kapena bambo amene ana akagona amatsala ndi ola limodzi sangathamangire Mephisto usiku wonse, ndipo ngati msika ukumuthandiza kufika kumene sakanafika, n'chiyani choipa? Wokonda kuwerengera manambala, kunenerera ndi kuyang'anira mitengo, kompyuta ndi yake, ndipo padi singapikisane ndi mausi ndi kiyibodi pa ntchito imeneyo. Koma mkangano wa kompyuta ndi console umathera nthawi pa kuwala kwa zithunzi ndi liwiro la makina, pamene zimene zimasintha kakomedwe ka gemu ndi ziwiri zina: amene akusunga buku, ndi amene ali pambali pako chinthu chikagwa. Ndikakumbukira zida zimene ndinavalapo m'magemu amenewa, zogula zonse zasakanikirana m'mutu mwanga, sindingathe kuzisiyanitsa. Za pa sofa ndingakuuzeni chilombo chimene chinagwetsa ndi amene anakuwa poyamba.

Ngati muli ndi PlayStation 4, Xbox One kapena Switch ndipo mukufuna kulawa magemu a mtundu uwu, yambani ndi Diablo III. Musalumikize intaneti, musalandire chida kwa munthu amene simukumudziwa, ndipo mubwereke padi yachiwiri, yachitatu ikapezeka ndiye bwino. Diablo IV simungaisewere popanda intaneti, ndipo pa TV imodzi imalola anthu awiri okha.